Kupanga ndi kusintha amplifaya ya gitala ya mavalavu: yambirani pa 5F1

Amplifaya ya mavalavu (machubu agalasi ooneka ngati mababu) yoyenera kuyambira ndi 5F1, ija kampani ya Fender inkaigulitsa m'dzina la Champ kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ili ndi mavalavu atatu okha: 12AX7 yokweza kamawu kochokera ku gitala, 6V6GT yokankha sipika, ndi 5Y3GT yosandutsa magetsi a AC kukhala a DC. Imatulutsa pafupifupi 5 W, ndipo chopotokola chake ndi chimodzi, volume basi. Popeza zipangizo zake n'zochepa, chilichonse chimene mwasintha khutu limachimva, ndipo chimene chalakwika mita imachipeza msanga. Pezani schematic yake, chojambula chosonyeza mmene zipangizo zimalumikizirana, muisindikize papepala. Ipangeni ndendende mmene ilili, muiyeze, ilire bwino. Zosinthasintha zibwere pambuyo, chimodzichimodzi.

Choyamba: magetsi a mkatimu amapha

Mkati mwa amplifaya imeneyi mumayenda 350 V mpaka 400 V ya DC, ndipo makapasita a filter (osalaza magetsi a DC) amasungabe mphamvuyo ngakhale mutazimitsa n'kuzula pulagi. Musanagule n'komwe mavalavu, pangani kachida kotsitsira mphamvu: rezisita ya 100k ya 5 W, yokutidwa bwino, yokhala ndi waya wa kopanira mbali zonse ziwiri. Panirani mbali imodzi ku chasisi (bokosi lachitsulo lomangapo zipangizo zonse), inayo ku + ya kapasita yoyamba, dikirani masekondi 30, kenako yezani. Mita ikaonetsa zochepera 10 V, ndiye lowetsani dzanja. Kachidako kasiyeni kali kopanira nthawi yonse imene mukugwira ntchito, chifukwa makapasita amabweza mavoti ena pakapita kanthawi. Mukachotse pokhapokha mukufuna kuyatsa.

Poyeza amplifaya ili yoyaka, waya wakuda wa mita mupanire ku chasisi, wofiira mugwire ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likhale kumbuyo. Magetsi akadutsa kuchoka dzanja ili kupita linali amadutsa pamtima. Vulani mphete ndi wotchi. Mita ikhale yololedwa kufika 600 V kapena kuposa.

Pa zojambula zakale mupeza chingwe cha mawaya awiri ndi kapasita yochoka pa waya wa magetsi a pakhoma kupita ku chasisi. Pamenepa musatsatire zakale. Kapasita imeneyo ikapsa, chasisi chonse ndi zingwe za gitala zimakhala ndi moto. Isiyeni, ndipo gwiritsani ntchito chingwe cha mawaya atatu chokhala ndi earth.

Chachiwiri: zofunika kusonkhanitsa

Thiransifoma ya mphamvu ikhale ndi primary (mbali yolowera magetsi) yogwirizana ndi magetsi a kwanuko, ndipo izitulutsa 325-0-325 V pa 70 mA, 5 V pa 2 A, ndi 6.3 V pa 2 A. Thiransifoma ya output, yopereka mawu ku sipika, ikhale ya mtundu wa single-ended, primary ya 5k mpaka 8k, secondary (mbali yotulukira) ya 4 kapena 8 ohm. Ya push-pull sigwira pano: ilibe kampata m'chitsulo chake, choncho DC yodutsa nthawi zonse imaikhutitsa, mawu a besi n'kufa.

Marezisita a 1/2 W: 68k awiri, 1M imodzi, 100k awiri, 1.5k awiri, 22k imodzi ya feedback (yobweza mawu pang'ono kuchoka ku sipika kubwerera ku 12AX7), 220k imodzi, 100 ohm awiri. Amphamvupo: 470 ohm ya 5 W, 10k ya 2 W, 22k ya 2 W, ndi 220k ya 2 W. Makapasita: 0.022 uF awiri a 600 V kapena 630 V, 25 uF ya 50 V, ndi a filter atatu, 16 uF, 8 uF ndi 8 uF. Ngati simuwapeza, 22 uF, 10 uF ndi 10 uF amalowa m'malo bwinobwino. A filter amenewa gulani a 500 V, chifukwa chake tichifotokoza kutsogoloku. Onjezerani volume ya 1M ya mtundu wa audio, masoketi awiri a mapini 8, imodzi ya mapini 9 yokhala ndi chivindikiro chachitsulo, majaki, switchi, kanyali, bolodi la timaso tachitsulo, waya wa 22 AWG (muyezo wa kukhuthala kwa waya) wa 600 V, waya wa 20 AWG wa heater (kawaya kotenthetsa valavu), ndi sipika ya mainchesi 8. Fyuzi ikhale yochedwa kupsa: 1 A ngati magetsi ndi a 120 V, 500 mA ngati ndi a 230 V.

Rezisita iliyonse iyezeni ndi mita musanaiwotcherere. Mitundu ya 1.5k ndi 15k imasokoneza maso, ndipo kulakwitsa kotere kumadya madzulo onse.

Chachitatu: kuyala zinthu pa chasisi

Chasisi chikhale cha aluminiyamu kapena chitsulo. Yalani zinthu motsatira ulendo wa mawu: jaki ya gitala ndi 12AX7 kumapeto kuno, 6V6 pakati, 5Y3 ndi thiransifoma ya mphamvu kumapeto uko. Mathiransifoma awiriwo atalikirane, ndipo zitsulo zawo zipingasane m'malo moyang'ana mbali imodzi, kuti maginito a yaikulu asalowe mu ya output. Boolani zonse, palani m'mphepete, ikani timphira m'mabowo modutsa mawaya, sesani tizidutswa tonse tachitsulo, kenako mangani masoketi ndi mathiransifoma.

Chachinayi: kulumikiza mawaya

Mapini a valavu amawerengedwa mukuyang'ana soketi kunsi, kumene mumawotcherera, kuzungulira mmene imayendera wotchi kuyambira pa kampata kapena kakiyi. Alembeni manambala ndi cholembera pa chasisi pomwepo.

Yambani ndi magetsi a pakhoma. Waya wamoto upite ku fyuzi, kuchoka apo ku switchi, kenako ku primary. Waya wa earth ukhale ndi bawuti yakeyake pa chasisi, yokhala ndi washa wa mano, ndipo pabawuti imeneyo pasamangidwe china chilichonse. Usiyeni wautali kuposa anzake awiriwo, kuti chingwe chikakokedwa ukhale womaliza kuduka.

Kenako heater. Tengani mawaya awiri a 6.3 V, apoteni zolimba, muwayendetse m'kona mwa chasisi kutali ndi mawaya a grid (pini yolowera mawu mu valavu). Pa 6V6 apite pa pini 2 ndi 7. Pa 12AX7 lumikizani pini 4 ndi 5 pamodzi ku waya umodzi, winayo ku pini 9. Kupotako kumachititsa kuti phokoso la waya uyu lifafanizidwe ndi la mnzake. Fender yakale inkagwiritsa ntchito chasisi ngati waya wachiwiri wa heater, koma mawaya awiri opotedwa amakhala chete kuposa pamenepo. Ngati 6.3 V yanu ili ndi waya wapakati, upititseni ku ground (mbali ya 0 V, yolumikizidwa ku chasisi). Ngati ilibe, ikani 100 ohm kuchoka ku waya uliwonse kupita ku ground. Chitani chimodzi mwa ziwirizi, osati zonse.

Pa 5Y3, mawaya awiri a 325 V apite pa pini 4 ndi 6, a 5 V pa pini 2 ndi 8. DC imatulukira pa pini 8. Zindikirani kuti mawaya a 5 V amenewa amanyamulanso mavoti onse a DC, choncho sakhudza ground, ndipo sasakanizidwa ndi a 6.3 V. Kawirikawiri a 325 V amakhala ofiira, a 5 V achikasu, a 6.3 V obiriwira, koma tsimikizani ndi pepala lobwera ndi thiransifoma yanu.

Kuchoka pa pini 8 pitani ku + ya 16 uF. Malo amenewa tiwatche B+1, ndipo ndi pamene pamalowa waya umodzi wa primary ya output. Ikaninso 220k ya 2 W kuchoka apa kupita ku ground, kuti izitsitsa mphamvu yokha mukazimitsa. Kuchoka pa B+1 dutsani pa 10k kufika pa 8 uF yoyamba, ndiyo B+2, yopita ku pini 4 ya 6V6, imene imatchedwa screen. Kuchoka apo dutsani pa 22k kufika pa 8 uF yachiwiri, ndiyo B+3, yodyetsa 12AX7.

Tsopano njira ya mawu. Majaki awiri a gitala, aliyense ndi 68k yake, amakumana pa pini 2 ya 12AX7, ndipo 1M imachoka pa jaki yoyamba kupita ku ground. Ngati mukufuna jaki imodzi yokha, ikani 33k m'malo mwa ma 68k awiriwo. Zimafanana ndi kulowetsa gitala pa jaki yoyamba. Jakiyo ikhale yodzitsekera ku ground gitala ikachotsedwa. Pini 3 ipite ku ground kudzera pa 1.5k. Pini 1 ilandire B+3 kudzera pa 100k, ndipo kuchoka pa pini 1 yomweyo 0.022 uF ipite pamwendo wam'mwamba wa volume. Mwendo wapakati upite ku pini 7, wam'munsi ku ground. Pini 8 ipite ku ground kudzera pa 1.5k inayo, pini 6 ilandire B+3 kudzera pa 100k inayo, ndipo 0.022 uF yachiwiri ichoke pa pini 6 kupita ku pini 5 ya 6V6, imene ndi grid yake, pamene 220k imatsikira ku ground. Pini 8 ya 6V6 ipite ku ground kudzera pa 470 ohm, ndi 25 uF pambali pake, + ikuyang'ana ku pini 8. Siyani mpata pakati pa ziwirizi, chifukwa rezisitayo imatentha ndipo kutentha kumaumitsa kapasita. Pini 3 ya 6V6, imene imatchedwa plate, ilandire waya wotsala wa primary ya output. Pomaliza, 22k ya feedback ichoke pa nsonga ya jaki ya sipika kupita ku pini 8 ya 12AX7.

Ground ndi pamene amplifaya imapezera kukhala chete kapena kukhala yaphokoso, ndiye apa dekhani. Pakati pa thiransifoma ndi kapasita yoyamba pamayenda magetsi odumphadumpha kwambiri. Amenewo asadutse pamene pakudutsa kamawu ka gitala. Waya wapakati wa 325-0-325 upite molunjika ku − ya 16 uF, osati pabawuti ina iliyonse. Kuchoka pamenepo yendetsani waya umodzi wokhuthala, ndipo muzilumikizapo ma ground motsatana: choyamba 470 ohm, 220k ya grid ndi 8 uF ya B+2, kenako 8 uF ya B+3 ndi zonse za 12AX7. Waya umenewu ukhudze chasisi pamalo amodzi okha, pafupi ndi jaki ya gitala.

Powotcherera, tenthetsani mwendo ndi kaso komwe pamodzi, solder isungunukire pa izo, osati pansonga ya chowotcherera. Polumikizira pabwino pamaoneka posalala. Pamene paoneka ngati kampira kongokhala pamwamba, bwerezani.

Chachisanu: kuyatsa koyamba

Musathamangire switchi. Tengani schematic ndi cholembera cha mtundu, mutsatire waya uliwonse, mukudula mzere papepala mukautsimikiza. Onaninso mbali za makapasita onse anayi a + ndi −. Yezani kuchoka pa pini ya earth ya pulagi kufika pa chasisi: pakhale pochepera 1 ohm. Yezani kuchoka pa B+1 kupita ku ground: nambala iyenera kukwera pang'onopang'ono kulowera ku 220k. Ikakhala pafupi ndi 0, pali shoti.

Pangani choteteza cha babu: babu lakale la kawaya koyaka, la 60 W, lolumikizidwa motsatana ndi waya wamoto wopita ku amplifaya. La LED siligwira ntchito imeneyi. Zonse zikakhala bwino babu limangoyaka mozimiririka. Likawala kwambiri osatsika, zimitsani, pali shoti, ndipo babulo lateteza thiransifoma yanu.

Yatsani koyamba popanda valavu iliyonse. Pa AC, pini 4 ndi pini 6 za soketi ya 5Y3 zionetse pafupifupi 325 V iliyonse poyeza ndi chasisi, pakati pa pini 2 ndi 8 pakhale pafupifupi 5 V, ndipo heater ikhale 6.3 V kapena kupitirira pang'ono. Zimitsani, lumikizani sipika, ikani mavalavu onse, volume ikhale pansi. Amplifaya ya mavalavu siyatsidwa popanda sipika: mphamvu ikasowa kopita, mu thiransifoma ya output mumabuka mavoti aakulu oboola zokutira za mawaya ake.

Yatsani mita ili pa B+1. Muona nambala ikukwera msanga kupitirira 400 V, kenako n'kutsika. Zimatero chifukwa 5Y3 imayamba kugwira ntchito m'masekondi ochepa, pamene 6V6 isanatenthe kuti iyambe kukoka magetsi. Popanda wokoka, 325 V ya AC ingathe kufika pafupifupi 460 V ya DC, n'chifukwa chake tinati makapasita akhale a 500 V. Babu likakhala bwino kwa mphindi zingapo, lichotseni, muyatsenso, muyeze zenizeni. B+1 ikhale pakati pa 350 ndi 390 V, B+2 pakati pa 300 ndi 340 V, B+3 pakati pa 260 ndi 300 V. Pini 1 ndi 6 za 12AX7 zikhale pakati pa 150 ndi 200 V, pini 3 ndi 8 pafupifupi 1.5 V, pini 8 ya 6V6 pakati pa 17 ndi 21 V, ndipo pini 5 yake ikhale 0. Lembani manambala anu onse papepala. Adzakuthandizani pa kusintha kulikonse.

Chachisanu ndi chimodzi: kodi 6V6 ikupsa?

Kuwerengera uku musakudumphe. Tinene kuti pini 8 yaonetsa 19 V. Gawani ndi 470, mupeza 40 mA. Mwa imeneyi pang'ono ndi ya screen. Ngati B+1 ndi 365 V ndipo B+2 ndi 315 V, ndiye kuti pa 10k pakudutsa 5 mA. Ngati B+3 ndi 271 V, pa 22k pakudutsa 2 mA ya 12AX7. Screen yatenga 3 mA, plate yatsala ndi 37 mA. Pini 3 ikaonetsa 355 V, chotsani 19, patsale 336 V. Chulukitsani ndi 0.037, mupeza 12.4 W. Malire a plate ya 6V6GT ndi 12 W pa mapepala akale, 14 W pa ena apambuyo pake. Choncho apa mwafika m'mphepete. Mukapitirira 13 W, chotsani 470 ohm muike 560 ohm, muwerengerenso. Zimitsani nyali za m'chipinda muyang'ane valavuyo: kuwala kwa heater pakati n'kwabwino, koma chitsulo chotuwa cha plate chikayamba kufiira, zimitsani nthawi yomweyo.

Zikavuta

Ikangotentha n'kulira tswiii mokweza, feedback yatembenuka, ikuwonjezera m'malo mochepetsa. Zimitsani, tsitsani mphamvu, musinthanitse mawaya awiri a primary ya output. Izi zimachitikira ambiri ndipo sizitanthauza kuti china chawonongeka.

Phokoso la mmmm lili mitundu iwiri. Lakuya, la 50 kapena 60 Hz, limachokera ku heater kapena ku maginito a thiransifoma. Lokwererapo, lokhala ngati zzzz, la 100 kapena 120 Hz, limachokera ku filter kapena ku ground yoyalidwa molakwika. Tsitsani volume: phokoso likatha, likulowera kutsogolo, pa jaki kapena pa theka loyamba la 12AX7 (la pini 1, 2 ndi 3). Likatsalabe, zulani 12AX7. Likapitirira, vuto lili pa 6V6 kapena pa magetsi ake. Ngati ndi la heater, chotsani ma 100 ohm aja ku ground muwapititse pa pini 8 ya 6V6. Pamenepo heater imakwera ndi mavoti 19 aja a DC, ndipo nthawi zambiri phokoso limachepa.

Ikakhala duu osalira konse, mita ikuuzani. Pini 1 kapena 6 ikafanana ndi B+3, theka limenelo la valavu silikukoka magetsi: onani heater yake ndi 1.5k yake. Pini 5 ya 6V6 ikaonetsa mavoti a +, 0.022 uF ikudontha, isintheni isanapsereze valavu. Kuthetheka kumakhala kwa powotcherera posagwira kapena soketi yakuda. Gogodani zipangizo ndi kamtengo kouma mpaka mupeze pamene pakuyankha. Kulira kwa phu-phu-phu kumaloza ku kapasita ya filter yofooka kapena yosalumikizidwa ku ground. Ngati mukagogoda 12AX7 sipika ikulira ngati belu, valavuyo ndiyo yodwala.

Kusintha kalilidwe

Sinthani chinthu chimodzi, imbani, yezani, lembani. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Chosavuta kwambiri ndi valavu yoyamba. 12AX7 imakweza ka 100, 5751 ka 70, 12AY7 ka 40 ndi pang'ono, ndipo zonse zimalowa pa soketi yomweyo. Ndi 12AY7 mawu amakhala oyera mpaka volume itakwera ndithu.

Chachiwiri ndi kapasita pambali pa 1.5k ya pini 3. Mukaika 25 uF ya 25 V, gain, ndiye kuti kukweza kwa mawu, imakwera pa manotsi onse, amplifaya n'kuyamba kukalipa msanga. Ambiri amakonda zimenezi, koma pa gitala ya mapikapu a humbucker besi imasefukira n'kukhala phala. Ikani 0.68 uF m'malo mwake: imakweza manotsi apakati ndi apamwamba, besi n'kuisiya mmene inalili. Kwa ife iyi ndiyo yokoma mukamaimba mokweza. Mukhoza kuika zonse ziwiri pa switchi ya mbali zitatu, pakati pakhale popanda kanthu.

Besi ikavutabe, chepetsani kapasita yopita ku 6V6. Ndi 0.022 uF ndi 220k, mawu amayamba kudulidwa cha m'ma 30 Hz, kutali pansi pa chingwe chachikulu cha gitala chimene chili pa 82 Hz. Ndi 0.01 uF malirewo amakwera kufika cha m'ma 60 Hz, ndi 0.0047 uF cha m'ma 130 Hz. Phindu lina n'lakuti kapasita yaing'ono simachedwa kubwerera mwakale grid ya 6V6 ikakankhidwa kwambiri, choncho kutsamwa kwa mawu mukamenya zingwe mwamphamvu kumachepa.

Feedback nayo ili ndi zambiri. Ikani switchi pa waya wa 22k. Mukaidula, amplifaya imakwera mawu, imakhala yaukali, ndipo phokoso lapansipansi limakweranso. Mukafuna zapakati, ikani 47k. Dziwaninso kuti 22k inawerengedwa pa sipika ya 4 ohm. Mukaitenga pa waya wa 8 ohm, mavoti obwerera amachuluka ka 1.4, ndiye ikani 33k kuti zifanane.

Mawu akamazimiririka volume ili pansi, ikani kapasita ya 100 pF mpaka 250 pF pakati pa mwendo wam'mwamba ndi wapakati wa volume. Zinthu ziwiri zimene sizisintha kalilidwe kwenikweni koma zimateteza 6V6: 470 ohm ya 2 W pa pini 4, ndi 1.5k pa pini 5, iliyonse motsatana ndi waya wa pini yakeyo, zonse zowotchereredwa pa soketi penipeni, miyendo ili yaifupi.

Ena amachotsa 5Y3 n'kuika madayodi a 1N4007, awiri motsatana mbali iliyonse. Mawu amalimba, koma B+ imakwera ndi mavoti makumi angapo, ndipo 6V6 inali kale m'mphepete. Mukachita zimenezi bwerezani kuwerengera kuja, ndipo yembekezerani kukweza rezisita ya pini 8. Musakuzenso kapasita yoyamba mopitirira 22 uF pamene 5Y3 ikadalipo, chifukwa kapasita yaikulu imakoka magetsi ochuluka nthawi imodzi kuposa amene valavuyo ingapirire. Mukafuna filter yamphamvu, onjezerani choke (koilo yosalaza magetsi) ndi kapasita ina pambuyo pa yoyambayo.

Musanathe ndalama pa makapasita odula, yesani sipika ina. Lumikizani amplifaya yomweyi ku sipika ya mainchesi 10 kapena 12 m'bokosi lalikulupo, ma ohm ake akhale ogwirizana ndi waya wa secondary umene mwagwiritsa ntchito. Sipika yoposa inzake ndi 3 dB imamveka ngati mwawirikiza mawati kawiri, ndipo besi imene ya mainchesi 8 inkalephera kutulutsa imamveka popanda kukhudza waya uliwonse mkati mwa chasisi.